Mpira wa ana ku Fitzroy: bwalo lakale, makolo, ndi zomwe zimasunga kalabu ya m'dera

Ku North Fitzroy, mumzinda wa Melbourne m'chigawo cha Victoria ku Australia, kuli paki yotchedwa Edinburgh Gardens. M'mphepete mwa pakiyo muli bwalo lomwe aliyense amalitchula kuti Brunswick Street Oval, ngakhale dzina lake la m'mabuku a khonsolo ndi W. T. Peterson Community Oval. Pambali pake padakali sitandi ya njerwa ndi matabwa yomwe inamangidwa mu 1888. Lamlungu m'mawa, kuyambira April mpaka August, bwaloli limakhala la ana a Fitzroy Junior Football Club, atavala majezi ofiira, abuluu ndi agolide.

Mlendo akaona majeziwo amangoti iyi ndi nthambi ya Fitzroy yotchuka ija yomwe inkasewera mu ligi yaikulu. Si choncho. Dzina la Fitzroy lili pa mabungwe osiyana, lililonse ndi komiti yake komanso thumba lake la ndalama, ndipo wofuna kumvetsa mbiri ya kalabu ya anayi ayambe wawalekanitsa.

Tiyambe ndi masewerowo, poti ambirife mpira womwe timaudziwa ndi wa miyendo. Uwu ndi mpira wa ku Australia, Australian rules football, womwe eni ake amautcha footy. Mpira wake ndi wosongoka mbali ziwiri, bwalo ndi lozungulira koma lotalikirapo mbali imodzi, mamita 135 mpaka 185 mulitali ndi 110 mpaka 155 mulifupi. Timu ya akuluakulu imakhala ndi osewera 18 m'bwalo. Kumapeto kulikonse kuli mitengo inayi yotalikirana mamita 6.4, yopanda mtanda pamwamba. Mpira womenyedwa ndi mwendo ukadutsa pakati pa mitengo iwiri yapakati osakhudzidwa ndi munthu, ndi chigoli cha mapointi 6. Ukadutsa m'mbali, ukagunda mtengo wapakati, kapena wina akaukhudza usanalowe, ndi behind, pointi imodzi basi. Kuponya mpira n'koletsedwa. Umaugwira ndi dzanja limodzi n'kuukhoma ndi chibakera cha dzanja linalo, ndiyo handball imeneyo. Ukawakha mpira womwe wamenyedwa ndi mwendo n'kuyenda mamita 15 usanagwe pansi, wapeza mark, ndipo palibe angakugwire mpaka utaumenya. Wothamanga ndi mpira ayenera kuugunditsa pansi pa mamita 15 alionse. Masewero amakhala ndi zigawo zinayi.

Chosangalatsa n'choti ana analipo kuyambira pachiyambi penipeni. Pa 7 August 1858, anyamata a sukulu za Melbourne Grammar ndi Scotch College anakumana m'paki ya pafupi ndi Melbourne Cricket Ground, mbali iliyonse anthu 40, ndipo Tom Wills anali mmodzi mwa oyimbira. Malamulo oyamba analembedwa mu May 1859 ndi mamembala a Melbourne Football Club. Komabe kalabu ya ana monga tikuidziwira lero, yokhala ndi magulu a zaka, makolo ndi kantini, inabwera mochedwa kwambiri. Kwa zaka zambiri mwana ankaphunzirira mpira kusukulu, kutchalitchi ndi mumsewu.

Fitzroy Football Club inakhazikitsidwa mu 1883, ndipo inali m'gulu la makalabu asanu ndi atatu omwe anayambitsa Victorian Football League mu 1897. Inatenga chikho ka 8: 1898, 1899, 1904, 1905, 1913, 1916, 1922 ndi 1944. Haydn Bunton anatengera kumeneku mendulo ya Brownlow, ya wosewera bwino kwambiri mu ligi pa sizoni, katatu, mu 1931, 1932 ndi 1935. Doug Nicholls, yemwe pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa South Australia, anasewera kumeneku m'zaka za m'ma 1930. Kevin Murray anasewera masewero 333, ndipo sitandi yakale ija lero imatchedwa dzina lake.

Tsoka la kalabuyi linayambira pa bwalo. Itachoka pa Brunswick Street Oval kumapeto kwa sizoni ya 1966, sinakhalenso ndi pakhomo. Inakasewera ku Princes Park, kenako Junction Oval ku St Kilda kuyambira 1970 mpaka 1984, kenako Victoria Park kwa adani ake a Collingwood, kubwereranso ku Princes Park, n'kumalizira ku Western Oval ku Footscray. Kalabu yalendi imalipira kuti isewere, phindu la bala ndi zakudya limapita kwa mwini bwalo, ndipo ana a m'dera lake amakula osaiona. Deralonso linali litasintha. Nkhondo yachiwiri itatha mabanja ambiri anasamukira kumadera atsopano akutali ndi pakati pa mzinda, nyumba zina zinagwetsedwa n'kumangapo nsanja za boma, ndipo ambiri mwa obwera kuchokera ku Italy ndi Greece mtima wawo unali pa mpira wa miyendo. Pofika 1996 ngongole zinali zitafika m'khosi, ina mwa izo ya kampani ya inshuwalansi ya dziko la Nauru. Mu July chaka chimenecho gawo la kalabuyi losewera mu AFL, dzina latsopano la Victorian Football League ija, linaphatikizidwa ndi Brisbane Bears n'kupanga Brisbane Lions. Masewero omaliza a Fitzroy mu AFL anachitikira ku Perth pa 1 September 1996, motsutsana ndi Fremantle.

Kalabu ya ana inayamba m'zaka zomwezo za m'ma 1990, pamene yaikuluyo inkafooka, ndipo oiyambitsa anali anthu a m'deralo, nthawi yomwe mabanja okhala ndi ana aang'ono anali atayambanso kubwerera ku Fitzroy, Clifton Hill ndi madera oyandikana nawo. Imasewera mu Yarra Junior Football League, yomwe inapangidwa mu 1997 pophatikiza maligi awiri a ana, ya ku Doncaster ndi ya ku Hawthorn. Kampani ya Fitzroy Football Club nayo sinathetsedwe. Kumapeto kwa 2008 inagwirizana ndi timu ya osalipidwa ya Fitzroy Reds, ndipo kuyambira 2009 imasewera mu Victorian Amateur Football Association, pabwalo lakale lomwe lija. Ndiye Loweruka ndi la akuluakulu, Lamlungu ndi la ana. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe dzina la Fitzroy linapulumukira kwenikweni. Zikho za Brisbane Lions za 2001, 2002, 2003, 2024 ndi 2025 zinasangalatsa ochemerera akale, koma mwana wa ku North Fitzroy sangayende wapansi kupita ku Brisbane.

Njira yomwe mwana amakwerera nayo inasinthanso m'zaka zomwezo. Kale ligi inkagawira kalabu iliyonse dera lake, ndipo mnyamata waluso ankapita ku kalabu ya komwe akukhala, afune asafune. Dongosolo la draft, loti makalabu azisankha osewera atsopano mosinthanasinthana, litakhazikika mu 1986, kugawa maderako kunayamba kutha. Mpikisano wa osakwana zaka 19 wa makalabu aakulu unatha mu 1991, ndipo mu 1992 munayamba TAC Cup ya osakwana zaka 18, yokhala ndi matimu a zigawo monga Northern Knights ndi Oakleigh Chargers, yomwe inalowa mu 1995. Kumunsi nakonso, Vickick ya ku Victoria ya 1985 inasanduka Auskick ya dziko lonse mu 1995, yophunzitsa ana a zaka 5 mpaka 12. Kalabu ya m'dera inatsala pakati: imalandira ana kuchokera ku Auskick, n'kupereka ochepa kwambiri kumatimu a zigawo. Ena onse amangosewera chifukwa anzawo ali komweko, ndipo amenewa ndiwo eni kalabu.

Aang'ono kwambiri sasewera malamulo a akuluakulu. M'magulu oyambirira bwalo limadulidwa kukhala laling'ono, osewera amachepetsedwa, bwalo limagawidwa m'zigawo zitatu kuti ana onse asaunjikane pa mpira, kugwetsana kumaletsedwa kapena kuchepetsedwa, ndipo kumenya mpira uli pansi sikuloledwa chifukwa pamakhala zala za mnzako. Zigoli sizilembedwa, palibe tebulo la mapointi, palibenso ndime yomaliza. Mpira umakula ndi mwana, kuyambira saizi 1 kapena 2 wa pulasitiki yofewa mpaka saizi 5 wachikopa kwa anyamata akuluakulu, pomwe amayi amasewera saizi 4. Zaka zenizeni zosinthira zimadalira ligi, choncho buku la malamulo la sizoni imeneyo ndilo liwerengedwe, osati la chaka chatha. Kupatsa mwana wa zaka 8 mpira waukulu ndi kumuwononga: dzanja limodzi silikwanira, ndiye amaugwetsa ndi manja awiri, mpira umagwera pamwendo mopendekeka, ndipo chizolowezicho chimavuta kuchichotsa akadzakula.

Vuto lalikulu la komiti chaka chilichonse ndi masamu a kalembera. Pagulu losewera 18 m'bwalo, timu yabwino imafuna ana 22 mpaka 24, poti sabata iliyonse wina amadwala chimfine, wina wavulala, wina wapita kuukwati. Tsono akalembetsa ana 29 zimavuta. Timu imodzi ndiye kuti 11 akhala panja chigawo chilichonse ndipo makolo ayamba kung'ung'udza. Matimu awiri ndiye kuti onse ndi opelewera, ndipo pofika July imodzi iyamba kulephera kufika pabwalo, zomwe zimabweretsa chindapusa cha ligi. Njira zake ndi zitatu: kukweza ana okhwima a gulu lapansi, kupangana ndi kalabu yoyandikana nayo timu yophatikiza, kapena kulemba kasinthasintha woti aliyense adziwiretu sabata yomwe adzapume. Yachitatuyi imayenda pokhapokha italembedwa n'kugawidwa sizoni isanayambe. Ikabwera pakati pa sizoni, kholo lililonse limaona ngati akusankha mwana wake.

Cha m'ma zaka 15 ndi 16 chiwerengero chimatsika. Ena ayamba maganyu a kumapeto kwa sabata, ena mayeso akuyandikira, ndipo omwe ali m'sukulu zolipira amakakamizidwa kusewerera sukulu Loweruka, n'kufika Lamlungu miyendo italema. Kalabu yomwe ili ndi timu imodzi yokha ya zaka 12 lero idziwiretu kuti patatha zaka zinayi ikhoza kudzasowa timu ya zaka 16.

Tsiku la masewero timu imodzi imadya makolo ambiri kuposa momwe watsopano amaganizira. Pamafunika kochi, manejala wosunga pepala la mayina, runner wothamangitsa mauthenga a kochi m'bwalo, trainer wa chithandizo choyamba, wosunga nthawi n'kuliza sairini, woyimbira wa m'malire, woyimbira wa pagolo, wonyamula madzi, ndi woperekeza oyimbira polowa ndi potuluka. Womalizayu alipo chifukwa oyimbira ambiri a masewero a ana ndi achinyamata okhaokha, ndipo wowatukwana kawirikawiri ndi munthu wamkulu wa kunja kwa mpanda. Wa pagolo amavala khoti loyera n'kugwira mbendera ziwiri zoyera. Chigoli chikalowa amaloza kutsogolo ndi manja onse awiri n'kukupiza mbendera ziwiri, ikakhala behind dzanja limodzi ndi mbendera imodzi, ndipo mnzake wa kutsidya amayankha chimodzimodzi kuti makadi awo afanane. Pakutha pa chigawo chilichonse awiriwa ayerekeze makadiwo. Akadikira mpaka kumapeto, kusiyana kwa pointi imodzi palibe angakumbukire kuti kunachokera pati. Timu ya pakhomo imawonjezera kujambula mizere, kukulunga mitengo ya golo ndi zofewa, kuika machira pambali, kuyendera bwalo lonse kutola magalasi ndi kuona mipopi yothirira yomwe yatumphuka, kenako kusaina fomu ya inshuwalansi mpira usanayambe.

Pali mapepala awiri omwe sanyengereredwa. Wamkulu aliyense wogwira ntchito ndi ana amayenera kukhala ndi Working with Children Check, yomwe ku Victoria inayamba mu 2006. Kwa ongodzipereka ndi yaulere ndipo imatha pakapita zaka 5, choncho mlembi asunge tsiku lothera la munthu aliyense, osati nambala yokha. Lachiwiri ndi la mwana yemwe wagunda mutu. Kuyambira 2024, wosewera wa m'makalabu a m'madera yemwe ubongo wagwedezeka sabwerera m'masewero pasanathe masiku 21, ndipo amafunika chilolezo cha dokotala. Chomwe chimalakwika apa n'chodziwika: mwana amabisa mutu kuwawa chifukwa ndime yomaliza yayandikira, kapena wagunda kusukulu Loweruka ndipo kalabu sinauzidwe. Mawu a trainer ayenera kuposa a kochi, ndipo komiti ilembe zimenezi poyera.

Bwalo si la kalabu. Ndi la khonsolo, kuno City of Yarra, yomwe inapangidwa mu 1994 pophatikiza Fitzroy, Collingwood ndi Richmond. Khonsolo imagawa mabwalo kawiri pachaka: miyezi yozizira ya April mpaka September ndi ya mpira, yotentha ya October mpaka March ndi ya kiriketi. Mkangano umabuka mu February ndi March, pomwe ana akufuna kuyamba kukonzekera koma akiriketi ali m'ndime zawo zomaliza. Nyengo yozizira ya ku Melbourne imagwa miyezi yomweyo ngati kwathu, kusiyana kwake n'koti kumeneko imabwera ndi mvula. Pakati pa bwalo pomwe amaseweretsa kiriketi amathirapo dothi lakuda lomata, ngati makande a m'dambo, ndipo pofika July pamakhala phala. Kochi wanzeru sachititsa maphunziro pakatipo kapena pakamwa pa golo mkati mwa sabata, amasuntha makoni ake tsiku ndi tsiku kuti udzu upume. Mu June dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko, choncho popanda magetsi palibe maphunziro. Muyezo wa kuwala kwake ndi 50 lux pophunzira ndi 100 lux pa masewero a makalabu, ndipo mabwalo ambiri akale anali ndi mababu ounikira ngodya imodzi yokha, ndiye matimu onse ankaunjikana pomwepo mpaka udzu kutha.

Chilala chachikulu cha 1997 mpaka 2009 chinasintha mabwalowa. Mu 2007 malamulo a madzi ku Melbourne anakhwima, mabwalo ambiri anauma gwa mpaka kung'ambika, ena anatsekedwa, ndipo maligi ena anachedwetsa sizoni. Makhonsolo anayamba kuchotsa udzu wokonda madzi n'kudzala kapinga ndi kikuyu. Udzu umenewu umapirira ludzu, koma m'nyengo yozizira umagona, ndiye pomwe pakumbika mu June pamakhala chomwecho mpaka kutenthe.

Kusintha kwakukulu kuposa konse kunabwera ndi atsikana. Mu 2003 atsikana atatu, mmodzi mwa iwo Penny Cula-Reid, anakasuma ku bwalo la milandu la VCAT chifukwa ligi ya Moorabbin Saints inkatsata lamulo loletsa atsikana opitirira zaka 12 kusewera ndi anyamata. Chigamulo cha 2004 chinakweza malirewo kufika pa gulu la osakwana zaka 14, ndipo chaka chomwecho ku Victoria kunayamba mpikisano wa atsikana okhaokha. AFLW, ligi yaikulu ya amayi, itayamba pa 3 February 2017, Carlton ndi Collingwood zitakumana ku Princes Park mpaka mageti kutsekedwa anthu ena ali panja, makalabu a ana anadzaza ndi atsikana. Matimu anachuluka koma mabwalo anakhala omwewo, ndipo zipinda zosinthira zovala zinamangidwa kale poganizira amuna okha, zosambira zopanda zitseko. Makomiti ambiri a zaka zimenezi nthawi yawo yathera pa kupempha khonsolo zipinda ndi magetsi, osati pa mpira.

Ndalama zimalowa nthawi imodzi, pa kalembera wa kumayambiriro kwa chaka, koma zimatuluka mpaka September: ya ligi, ya oyimbira sabata ndi sabata, inshuwalansi, lendi ya bwalo, magetsi, mipira, mabandeji, ndi zikho za tsiku lotsekera. Msungichuma yemwe waona akaunti itadzaza mu March n'kuvomera majezi atsopano a matimu onse amadzagwira njakata mu August. Kantini ndi soseji zootcha zimatseka mipata. Sizoni ya 2020 itasokonezedwa ndi Covid-19 ndipo ya 2021 itadukira panjira, makalabu odalira kantini yokha ndiwo anamva kuwawa kwambiri.

Tsopano kwa wofuna kulemba mbiri ya kalabu yotere, kaya ya ku Fitzroy kaya ina iliyonse. Chaka choyambira chimavuta chifukwa masiku ake ndi atatu: tsiku la msonkhano woyamba, sizoni yoyamba mu ligi, ndi tsiku lolembetsa ngati bungwe. Lamulo lolembetsera mabungwe otere ku Victoria ndi la 1981, ndipo linalowedwa m'malo ndi la 2012, choncho kalabu yomwe inayamba m'ma 1960 ikhoza kuoneka m'kaundula wa Consumer Affairs Victoria ngati ya m'ma 1980. Lembani masiku onse atatu ndipo nenani lomwe mwasankha.

Nyuzipepala zakale zili pa Trove, tsamba la pa intaneti la National Library of Australia, koma zambiri zimathera cha mu 1954, makalabu ambiri a ana asanabadwe. Za pambuyo pake muyenera kukazifuna ku State Library Victoria kapena ku laibulale ya m'dera, makamaka tinyuzipepala taulere ta m'madera, momwe manejala ankatumiza zotsatira ndi mayina a osewera bwino. Samalaninso ndi liwu loti junior m'nyuzipepala za m'ma 1880 ndi 1890. Nthawi imeneyo linkatanthauza matimu a amuna akuluakulu a ligi yapansi, ndipo Victorian Amateur Football Association yeniyeniyo inayamba mu 1892 ndi dzina loti Metropolitan Junior Football Association. Wosadziwa amapatsa kalabu ya ana zaka 100 zomwe si zake.

Mabuku a misonkhano ya khonsolo, omwe akale ambiri ali ku Public Record Office Victoria ku North Melbourne, ndi odalirika kuposa kukumbukira kwa anthu, chifukwa kalabu iliyonse inapemphapo bwalo ndipo pempholo lili ndi deti. Matabwa a mayina opachikidwa m'chipinda cha kalabu musawakhulupirire msanga. Ambiri analembedwa patapita zaka, kuchokera m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo mizere yoyambirira ndi yomwe imalakwika. Ayerekezeni ndi malipoti a pachaka a ligi. Chiwerengero cha masewero a mwana aliyense, chomwe chimafunika pokonza chinsalu cha mapepala chomwe amang'amba pothamanga akakwanitsa masewero 50 kapena 100, chimasokonekera pamene ligi yasintha kompyuta yolembetsera, ndiye mapepala a mayina a tsiku la masewero asatayidwe ngakhale zonse zili pa intaneti.

Zithunzi za matimu zijambulidwe pa sikana pa 600 dpi, zisungidwe ngati mafayilo a mtundu wa TIFF, ndipo dzina la fayilo liyambe ndi chaka, kenako gulu la zaka. Mayina alembedwe ndi pensulo kuseri kwa chithunzi, mzere ndi mzere kuchokera kumanzere, pomwe makochi a nthawiyo adakalipo oti n'kufunsidwa. Cholembera cha inki chimadutsa pepala n'kuwononga nkhope. Zithunzi za ana omwe adakali aang'ono zisaikidwe pa Facebook kapena m'buku popanda chilolezo cholembedwa cha makolo. Makope akhale awiri, ndipo imodzi isakhale m'chipinda cha kalabu, poti zipinda za m'mapaki zimathyoledwa, zimadontha ndipo nthawi zina zimapsa. Yachiwiriyo ikaperekedwe ku laibulale kapena ku gulu losunga mbiri ya deralo, limodzi ndi kalata yonena mwini wake ndi yemwe ali ndi ufulu wozigwiritsa ntchito.